MBIRI YA MKANGANO WA PA MPANDO WA MALEMU SATA

Munthu wocokera ku Lusaka kulinga kum'mawa, pa mseu waukuru wa ku Chipata, akayenda mtunda wa makilomita ngati 45 afika pa Boma la Chongwe. Limeneli ndi dziko la Asoli, anthu a Mfumu Yaikuru Nkomeshya Mukamambo II, amene caka ndi caka asonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula asanabzale. M'dziko lomweli muli bwalo la ndege lalikuru la Kenneth Kaunda, ndipo pa bwalo limeneli, pa 1 November 2014, panatera ndege yonyamula mtembo wa Pulezidenti Michael Sata, amene anamwalira ku London pa 28 October. Anthu analira maliro, koma malirowo asanathe akuru a cipani cao ca Patriotic Front, cimene ambiri acichula PF, anayamba kulimbirana mpando. Nkhani ino ifotokoza m'mene mkanganowo unayendera, ndi zimene unasiya pakati pa anthu a ku Chongwe.

Kuti munthu amvetse bwino ayenera kuyambira pa kubadwa kwa cipanico. M'caka ca 2001 Bambo Sata anali Mlembi Wamkuru wa cipani ca MMD, ndipo ambiri anayesa kuti iwo ndiwo adzalowa m'malo mwa Pulezidenti Frederick Chiluba. Koma a Chiluba ndi komiti yao anatenga Bambo Levy Mwanawasa. A Sata anaturuka ali okwiya, nayambitsa PF caka comweco. Anagonja pa zisankho zitatu, m'2001, m'2006 ndi m'2008, napambana pa cacinai mu September 2011. Pa zaka zonsezi mau a cipani anali mau a munthu mmodzi. Wokwezedwa anakwezedwa ndi a Sata, wocotsedwa anacotsedwa ndi a Sata, ndipo za wolowa m'malo sizinakambidwe pabwalo iwo ali moyo. Mu August 2014 anacotsa Bambo Wynter Kabimba pa Ulembi Waukuru wa cipani, naikapo Bambo Edgar Lungu, Nduna ya Citetezo, nawapatsanso Unduna wa Zamalamulo.

Popita kucipatala ku London mu October, a Sata anasiya dziko m'manja mwa a Lungu, ndipo iwo ndiwo anatsogolera cikondwerero ca zaka 50 za ufulu pa 24 October. Koma imfa itacitika udindowo unapita kwa Dr. Guy Scott, amene anali Waciwiri kwa Pulezidenti. Malamulo a dziko a masiku amenewo anati cisankho catsopano cicitike asanathe masiku 90. A Scott eni ace sanathe kuima nao, pakuti ngakhale anabadwira ku Livingstone makolo ao anacokera ku Britain, ndipo lamulo la 1996, lomwe lija linatsekereza Dr. Kenneth Kaunda cifukwa ca makolo ao a ku Nyasaland, linawatsekereza iwonso. Tsono dziko linali m'manja mwa munthu wosaloledwa kulowa ufumu, koma wokhala ndi mphamvu yaikuru pa kasankhidwe ka wolowayo.

Pa mwambo wa makolo, mfumu ikamwalira anthu adziwiratu amene ali ndi mau pa kusankha ina: akuru a banja ndi amai a mbumba akhala pansi, nachula dzina. Kumene mwambowu usungidwa, wosakondwa angathe kudandaula ndi dzinalo, koma sakana kuti ochulawo ndiwo eni nchito. M'cipani ca PF bvuto linagona pamenepa. Ofuna mpando anali ambiri: a Lungu, Dr. Christine Kaseba, mkazi wa malemu. Bambo Mulenga Sata, mwana wao, amene anali Meya wa Lusaka. Bambo Miles Sampa, mbale wa malemu ndi phungu wa Matero. Ndiponso a Geoffrey Bwalya Mwamba, a Chishimba Kambwili, a Given Lubinda ndi ena. Koma cimene cinagawa cipani kweni-kweni ndico funso lakuti osankha ndani. A mbali ya a Lungu anali ocuruka m'Komiti Yaikuru ndi mwa aphungu, motero anati komitiyo isankhe, pakuti nthawi yacepa. A Scott anati malamulo a cipani afuna Msonkhano Waukuru wa nthumwi zocokera m'zigawo zonse. Mbali iri yonse inakonda njira imene inayembekeza kupambana nayo.

Pa 3 November, mtembo usanaikidwe, a Scott analengeza kuti acotsa a Lungu pa Ulembi Waukuru. Usiku womwewo kunabuka cipolowe m'Lusaka, anyamata naponya miyala ndi kutentha matayala m'miseu, ndipo m'mawa mwace a Scott anabweza mau ao. Malemu anaikidwa pa 11 November ku Embassy Park, koma mtendere sunabwere. Mwezi usanathe Komiti Yaikuru inati yaimitsa a Scott pa utsogoleri wa cipani, ndipo a Scott naonso anati aimitsa mamembala ena a komitiyo. Wa m'mudzi womvera wailesi sanadziwenso kalata yoona ndi iti.

Anthu a ku Chongwe anali ndi cifukwa capadera cochera khutu, pakuti phungu wao, Mai Sylvia Masebo, ndiwo anali wapampando woyang'anira zisankho m'cipani ca PF, ndipo pa mkanganowu anali ku mbali ya a Scott. Sikanali koyamba kuti iwo akhale pakati pa nkhondo yotere. Anayamba kuimira Chongwe m'2001 pa cipani ca Zambia Republican Party, pambuyo pace nalowa MMD nakhala nduna m'boma la a Mwanawasa. Pamene a Mwanawasa anamwalira ku Paris pa 19 August 2008, komiti ya MMD inasankha Bambo Rupiah Banda, amene anagonjetsa Bambo Ng'andu Magande, Nduna ya Zacuma. A Banda atalowa ufumu, a Magande ndi Mai Masebo onse awiri anasiyidwa kunja kwa nduna zatsopano. Pofika 2011 Mai Masebo anali ataolokera ku PF.

Pomariza onse anabvomera kupita ku Msonkhano Waukuru pa Thanthwe la Mulungushi, pafupi ndi Kabwe. Malo amenewa adziwa kale mikangano yotere, pakuti pomwepo mu August 1967 Bambo Simon Kapwepwe anagonjetsa Bambo Reuben Kamanga pa Waciwiri wa cipani ca UNIP, ndipo cidani ca mitundu cimene cinatsatira cinafikitsa a Kaunda potula pansi udindo kwa usiku umodzi mu February 1968. M'2014 mkangano unasamukira pa mndandanda wa nthumwi: woyenera kulowa pacipata ndani, ndipo wongobwera m'basi kudzakweza mau ndani? Pa Sabata, 30 November, a Scott ndi opikisana ena kulibe, Mai Inonge Wina, wapampando wa cipani, anatsegula msonkhano, ndipo khamu linasankha a Lungu pokweza manja. M'mawa mwace, pa 1 December, a Scott anacititsa cisankho cina ca mapepala, ndipo anapambana ndi a Sampa. Cipani cimodzi cinakhala ndi atsogoleri awiri, ngakhale akuru anati atambala awiri salira m'khola limodzi.

Zimene zinalephereka pa Mulungushi zinapita kwa oweruza. Bwalo Lalikuru la Milandu m'Lusaka linabvomereza a Lungu m'masiku oyamba a December, koma a mbali ina sanagonje msanga. A Scott analembera wogwirizira udindo wa Woweruza Wamkuru, Mai Lombe Chibesakunda, kuti asalandire mapepala a a Lungu, ndipo nduna zambiri zinayankha pouza a Scott kuti atule pansi udindo. Cimene cinathetsa mkangano ndi kuyandikira kwa tsiku lopereka maina, pakuti onse anaona kuti cipani cingathe kutsala copanda woimira. Anagwirana canza, ndipo a Lungu anapereka mapepala ao pa 20 December.

Cisankho cinacitika pa 20 January 2015, pakati pa dzinja. A Lungu analandira mavoti 807,925, ndipo Bambo Hakainde Hichilema a cipani ca UPND analandira 780,168. Kusiyana kwace kunali mavoti 27,757 okha m'dziko lonse. A Lungu analumbira pa 25 January, natenga Mai Wina kukhala Waciwiri wao, mkazi woyamba pa udindo umenewu m'Zambia. Koma si onse amene anabwerera m'khola. A Mwamba ndi Mai Masebo anaturukira poyera nthawi ya cisankhoyo nathandiza a Hichilema, pamene a Rupiah Banda, atagonja kwa Dr. Nevers Mumba pa mlandu wa woimira MMD, anathandiza a Lungu.

Zotsatira zace zioneka bwino pa mapepala a cisankho a ku Chongwe. Mu September 2011 Mai Masebo anaima pa PF, nagonja kwa Bambo Japhen Mwakalombe a MMD. A Mwakalombe anatula pansi udindo posacedwa, ndipo Mai Masebo anapambana cisankho capadera mu November. M'2016 anthu awiri omwewo anakomananso, koma tsopano Mai Masebo anali pa UPND, a Mwakalombe ali pa PF, ndipo a Mwakalombe anapambana. M'2021, caka cimene PF inataya boma kwa a Hichilema, Mai Masebo anatenganso mpandowo. Mlimi wa cimanga wa ku Chalimbana amene anafuna kutsata cipani cimodzi anayenera kusintha munthu, ndipo wofuna kutsata munthu mmodzi anayenera kusintha cipani. Zonsezi zinacokera pa mikangano ya ku Lusaka ndi ku Kabwe, kumene mlimiyo sanafunsidwe kanthu.

Dziko linaphunzirapo mbali imodzi. Mu January 2016 malamulo anasinthidwa kuti woima pa Upulezidenti aziima pamodzi ndi waciwiri wace, ndipo Pulezidenti akamwalira waciwiriyo alowe m'malo popanda cisankho cina. Koma lamulo limeneli likhudza mpando wa boma wokha. Za m'kati mwa zipani zinatsala kwa eni ace. Mlandu suola. Mu October 2023 a Miles Sampa omwe aja anacititsa msonkhano m'Lusaka umene unawacha mtsogoleri wa PF, a mbali ya a Lungu nakana kuti msonkhanowo sunali woona, ndipo nkhani inabwereranso kwa oweruza monga m'2014. A Lungu anamwalira ku Pretoria mu June 2025 cipani cao cikali cogawanika.

Mbiri imeneyi iphunzitsa kuti cipani cifunika kupangana za osankha ndi za kasankhidwe mtsogoleri wace akali moyo, pamene palibe amene adziwa kuti lamulolo lidzakomera yani. Zikasiyidwa kufikira tsiku la maliro, yense awerenga malamulo moyang'ana phindu lace, wogonja sabvomera kuti wagonja, ndipo mlandu umene ukadatha ndi nthumwi za cipani uthera m'manja mwa oweruza.