Nyama ya pa lupsa

Musamaone makola a ng'ombe kuno ku Mzimba n'kumayesa kuti makolo athu ankadya nyama yake tsiku ndi tsiku. Ayi, adzukulu anga. Ng'ombe inali ya lobola, ya maliro, ya milandu. Chimene inkatipatsa masiku onse ndi chambiko basi. Ofuna msuzi ankapita kutchire.

Angoni a M'mbelwa atakhazikika kuno cha m'ma 1855, anapeza Atumbuka ali akatswiri a mbuna, maukonde ndi misampha. Angoniwo anabwera ndi mkondo ndi chibonga, komanso chizolowezi cha nkhondo chozinga mdani mbali zonse. Uzimba umene ine ndinauona ndili mnyamata unali mwana wa mitundu iwiriyi.

Nyengo yake inali kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, udzu utauma, mawere ndi chimanga zili m'nkhokwe. Nduna inkalengeza madzulo, uthenga n'kufika midzi yoyandikana. Usiku umenewo amuna ankagona paokha, ndipo mkazi wotsala pamudzi ankayenera kudzisunga. Mlenje akabwera atang'ambidwa mwendo ndi nguluwe, mafunso ankayambira kunyumba kwake, ngakhale mayi wa eniyo atakhala kuti sanalakwe kanthu.

Dzuwa likakwera ankayatsa moto mbali imene mphepo ikuchokera, amuna atandanda mbali inayo, agalu ali pa zingwe. Oyamba kutumphuka anali akalulu, ndipo amenewo ankasiyira ife anyamata ndi zibonga zathu. Kenako agwape, mbawala, ndipo kumadambo a South Rukuru, mphoyo. M'mapiri a Perekezi nguluwe inkatuluka mu utsi ili fwenkhufwenkhu, osapatuka, ndipo pamenepo m'pamene munthu ankadziwika ngati ndi mwamuna wa pakamwa chabe.

Koma luso lenileni linali pogawa. Nyama inali ya amene wayamba kuilasa, ngakhale mkondo wake utangoikanda pa ntchafu. Woitsiriza ankalandira mwendo. Ndiye mikangano yake! Akuluakulu ankaigubuduza nyamayo, kupenda bala lililonse, kuyezamo mikondo ya okanganawo kuti aone wakukula kofanana ndi balalo. Mwini galu amene anaigwira naye sankabwerera chimanjamanja. Chiwindi ankawotcha pomwepo pa makala a lupsa, madoda n'kudya, ife tikumeza malovu. Nyama ikakhala yaikulu, monga ntchefu, nganga inkapita kwa mfumu. Chikopa cha kambuku kapena cha mkango sichinkagona m'nyumba ya munthu wamba. Chinali cha Inkosi.

Kumudzi amuna tinkadyera kusangweni, pakhomo pa khola, mbale za nyumba zonse zitasonkhana pamodzi, motero mwana wamasiye ankalawa gwape mofanana ndi mwana wa mlenje. Yotsala amayi ankailenga timizeremizere, kuiwaza mchere, n'kuiyanika pa nsanja, pansi pali moto wa utsi. Nyama yofutsa chonchi inkauma gwa, n'kukhala mpaka dzinja. Mvula ili pakati, ndiwo zitavuta, ankainyika m'madzi, kuiphika mpaka ifewe, n'kuthira nsinjiro. Ine mpaka lero sindinadyepo ndiwo yoposa imeneyo.

Sikuti aliyense ankadya chilichonse. A mfunda wa Ngulube sankakhudza nguluwe, poopa kutuluka zilonda. Angoni akale ankanyansidwa ndi nsomba, koma adzukulu awo ndi inu nomwe mumalimbirana usipa.

Agogo anga ankati zimene ine ndinkatcha nyama zambiri zinali zotsalira chabe. Iwo ankasimba za mliri wa m'ma 1890 umene unapulula ng'ombe m'makola, n'kugwetsanso njati ndi ntchefu m'tchire, mpaka afisi kutopa nazo. Mu 1904 dziko la Angoni linalowa m'manja mwa boma la Angerezi, ndipo pang'onopang'ono kunabwera malamulo a nyama: mfuti ya gogodera ikhale ndi laisensi, mbuna ndi maukonde ayi. Mzungu wolipira ndalama ankaombera njovu, pamene mwini dziko wogwira mbawala yomudyera nyemba ankaopa mesenjala. Tchire la Kasungu, kumwera kwathu, linakhala malo osungira nyama mu 1930, n'kudzakhala paki mu 1970. Ku Viphya, cha ku Luwawa ndi Chikangawa, anadzala paini, ndipo pansi pa paini gwape alibe chodya. Kwina konseko tinamaliza ndife eni ake, ndi khasu, fodya ndi makala.

Lamulo la nyama zakutchire la 1992 analikhwimitsa mu 2017, moti wopezeka ndi nyama ya m'paki masiku ano akhoza kukagwira ndende zaka. Nchifukwa chake mukamva munthu pa Jenda akukunong'onezani kuti ali ndi yofutsa ya njati, mufulumire kuchokapo. Kawirikawiri imakhalanso ya ng'ombe yofa yokha.