Fotokope ya pa Kameza

Chaka chatha ndinkaphunzitsa ana a Fomu 4 masana, pakhonde penapake pa Kameza. Ana 14, buku la Nthondo limodzi lokha. Ndinapita nalo pa shopu ya fotokope kuti andikopere mutu umodzi. Mnyamata wa pa mashini anati, "Bigi, tingopanga lonse, ndikuchotserani mtengo." Ndinaima kaye.

Funso la mlingo wake lakhalapo kalekale. Lamulo la ku Britain la 1710, lomwe ambiri amati ndi loyamba pa za umwini wa mabuku, linkadzitcha lolimbikitsa maphunziro. Kwathu kuno lamulo la 1989 ndi lomwe linabala COSOMA mu 1992, kenaka la 2016 linalowa m'malo mwake. Limapereka mpata wogwiritsa ntchito kachigawo pophunzitsa, koma buku lathunthu si la ulere ayi.

Ku India ndiye anakokanakokana zenizeni. Mu 2012 Oxford University Press, Cambridge University Press ndi Taylor & Francis anasumira kashopu ka fotokope ka pa Delhi University, komwe kankasonkhanitsa mitu ya m'mabuku osiyanasiyana n'kumagulitsa kwa ophunzira. Mu 2016 khoti linaikira kumbuyo kukopera kothandiza maphunziro, ndipo mu 2017 makampaniwo anausiya mlanduwo. Komatu limenelo ndi lamulo la India.

Ine ndimalembanso, ndiye mtima unali pawiri: uku ana mayeso ayandikira, uku wosindikiza amene akapanda kugulitsa adzaleka kusindikiza zachichewa. Ndinakopera mutu umodzi basi, dzina la Nthara pamwamba. Bukulo tinkabwerekana, aliyense masiku awiri. Linabwerako chikuto chitathothoka.