Mapale a ku Isamu Pati

Pa mseu wa Mosi-oa-Tunya, m'mzinda wa Livingstone, pali nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa m'caka ca 1951. Alendo ambiri amathamangira makalata a David Livingstone, nalambalala mapale a mbiya ngati zinyalala za kudzala. Komatu mapalewo anaona dzuwa kale-kale, mzunguyo asanabadwe.

M'caka ca 1960 Bwana Brian Fagan, wa nchito m'nyumbayo, anayamba kukumba citunda ca Isamu Pati pafupi ndi Kalomo, pamene anthu anali kumanga midzi pa mabwinja a makolo ao zaka 1,000 zapitazo. Anafukula mapale osawerengeka. Amai a masiku amenewo sanadziwe utoto wonyezimira wa pa mbale za m'sitolo. Iwo analoca mbiya dongo likali lofewa: anaceka mizere m'khosi mwace ndi kamtengo, pena kudinda timadontho ndi kacipeso, nasiya moto uumitse zolocazo. Mwana analoca monga anaonera kwa amace. Cifukwa cace mizere ikasiyana pakati pa mapale a pansi ndi a pamwamba, wokumba adziwa kuti pamudzipo panabwera mbadwo wina, kapena mtundu wina wa anthu.