Kutulutsa mpweya m'mabuleki a njinga yamoto ya ABS

Kuno ku Angonia misewu ndi ya zitunda ndi zigwa. Njinga yamoto, imene ambiri timati mota, imatsika mtsetse kuchokera ku Domwe kapena ku Tsangano itanyamula matumba a mbatatesi. Nthawi zina pamakhalanso munthu kumbuyo. Pamalo otere moyo wanu uli pa mabuleki. Ngati mugwira buleki n'kumva kuti yafewa ngati siponji, dziwani kuti mwina m'paipi mwalowa mpweya.

Kodi mpweya umalakwa chiyani?

Si mota iliyonse imene imakhala ndi vutoli. Mabuleki okokedwa ndi waya alibe mafuta, ndiye mulibe mpweya woti mutulutse. Nkhani ino ndi ya mabuleki a disiki, aja okhala ndi mbale yachitsulo pagudumu. Iwowa amagwira ntchito ndi mafuta a mabuleki, amene pa Chipwitikizi amati óleo de travões.

Mukafinya chogwirira, mafuta amakankha mapadi kuti apane disiki. Mafuta safinyika, koma mpweya umafinyika. Choncho mphamvu ya dzanja lanu imathera pa mpweya, gudumu n'kumangozungulirabe.

Mafutawa amayamwanso chinyezi. Mafuta atsopano a DOT 4 amapirira kutentha kufika madigiri 230. Akayamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 155 okha. Pamtsetse wautali mabuleki amatentha, mafuta akale amawira, basi buleki yathawa. N'chifukwa chake makampani ambiri amati muzisintha mafutawa zaka 2 zilizonse.

Nanga ABS n'chiyani?

ABS ndi kamakina koletsa gudumu kuuma gwa mukagwira buleki mwadzidzidzi. Kamagwira n'kusiya, kugwira n'kusiya, mofulumira kwambiri, kuti mota isaterereke. Kampani ya BMW ndiyo inayamba kuika ABS pa njinga zamoto mu 1988. Ku India, kuyambira mu 2019, mota zatsopano za injini yoposa 125 cc ziyenera kukhala ndi ABS.

ABS yeniyeni muidziwa ndi zinthu zitatu: kalingi ka timabowo pafupi ndi disiki, kawaya kofika pa kalingiko, ndi kagetsi kolembedwa ABS pa mita. Mota zina zotchipa zili ndi kachitsulo kolembedwa ABS koma popanda waya. Kameneko si ABS yeniyeni ayi.

Zimene mukonze

Pezani mafuta a mtundu umene walembedwa pachivundikiro cha kathanki ka buleki, DOT 3 kapena DOT 4. Akhale a m'botolo losatsegulidwa. Musathire DOT 5, chifukwa sagwirizana ndi ABS. Oyilo wa injini ndiye musayese n'komwe, amawononga timalabala ta m'kati. Pezaninso sipanala yokwana bwino, kapaipi koonekera m'kati, botolo lopanda kanthu, kansanza ndi mnzanu wokuthandizani.

Kachitidwe kake

1. Imikani mota pamalo athyathyathya ndipo zimitsani kiyi.
2. Pukutani fumbi pa kathanki, kenaka tsegulani. Thirani mafuta mpaka pamzere wapamwamba.
3. Pa chitsulo chopana disiki pali kabawuti kotulutsira mpweya. Lowetsanipo kapaipi. Mbali inayo ilowe m'botolo momwe mwathira mafuta pang'ono.
4. Mnzanuyo afinye chogwirira katatu kapena kanayi, kenaka achigwire osasiya.
5. Inu masulani kabawuti pang'ono chabe. Mafuta atuluka pamodzi ndi timathovu.
6. Mangani kabawuti. Mukamanga, m'pamene mnzanuyo asiye chogwirira. Akasiya msanga, mpweya ubwerera m'kati.
7. Onani kathanki n'kuwonjezera mafuta.
8. Bwerezani mpaka mafuta azituluka oyera, opanda thovu, ndipo chogwirira chalimba.

Ngati buleki yakumbuyo ilinso ya disiki, chitani chimodzimodzi ndi chopondera.

Apa ndiye mumvetsetse

Musalole kuti kathanki kaume. Pa mota ya ABS, mafuta amadutsa m'kabokosi kokhala ndi pampu ndi timavalavu. Kathanki kakauma, mpweya umatha kukabisala m'kabokosimo. Pamenepo kufinya chogwirira sikuthandizanso. Pa mota zambiri pamafunika makaniko wokhala ndi kompyuta yoyatsira pampuyo kuti mpweya utuluke. Makaniko wotere sapezeka pamsika uliwonse. Mutha kuwononga ndalama ya ulendo wa ku Tete, mota ili chiimire, pa chinthu chimene mukanapewa pongosuzumira m'kathanki.

Mukamaliza

Mangitsani kabawuti, koma osati mwankhanza, paja kamathyoka msanga. Tsekani kathanki. Mafuta akadonthera pa penti, tsukani ndi madzi nthawi yomweyo chifukwa amadya penti. Asakhudze disiki kapena mapadi. Mafuta akale musawathirenso mu mota. Musawataye kudimba kapena mumtsinje, ndipo botolo lake likhale kutali ndi ana, poti ndi poizoni.

Tsopano yesani. Kankhani mota ndi manja n'kugwira buleki. Ikagwira, yatsani kiyi. Kagetsi ka ABS kayaka, ndipo kayenera kuzima mukangoyamba kuyenda pang'ono. Yesani buleki pamalo opanda anthu, pa liwiro lochepa.

Ngati kagetsi sikakuzima, kapena chogwirira chikadali chofewa, kapena mukuona mafuta akudontha, musanyamule munthu kapena katundu. Pitani nayo kwa makaniko, ndipo mumuuze kuti mota yanu ndi ya ABS asanayambe kumasula chilichonse.