Purosesa yosadya magetsi inabadwira mu umphawi

Pa 26 April 1985, mumzinda wa Cambridge ku England, kampani ya Acorn Computers inayatsa koyamba purosesa yotchedwa ARM1, imene anaikonza Sophie Wilson ndi Steve Furber. Poyeza magetsi amene inkadya, anadabwa kupeza kuti njira yoipatsira magetsi sinali yolumikizidwa. Inkayenda ndi timagetsi todontha kuchokera ku zipangizo zoyandikana nayo.

Ambiri amaikamba nkhaniyi ngati chozizwitsa, koma ine ndimaonamo umphawi. Acorn inalibe ndalama kapena antchito ambiri ngati Intel. Inkafuna kukuta purosesayo ndi pulasitiki yotchipa, imene siipirira kutentha, choncho inayenera kudya magetsi osapitirira wati imodzi. Inangodya gawo limodzi mwa magawo 10 a watiyo. Inali ndi matransistor pafupifupi 25,000, pamene Intel 80386 ya chaka chomwecho inali ndi 275,000.

Mu 1990, Acorn, Apple ndi VLSI Technology anakhazikitsa kampani ya ARM, yogulitsa mapulani a purosesa kwa ena kuti azipanga okha. Mapulaniwo anakalowa m'mafoni a m'manja, momwe batire ndi moyo. Koma kulowa m'maseva, makompyuta amene amasunga ndi kutumiza zinthu pa intaneti, kunavuta. Kampani ya Calxeda inayesa, n'kutseka mu 2013, mapulogalamu ambiri a maseva asanakonzekere ARM. Intel nayo inali itaona kumene mphepo ikulowera: mu 2012 inatulutsa Atom S1200, purosesa ya seva yodya mawati pafupifupi 6. Zinthu zinatembenuka mu 2018 pamene Amazon inayamba kugwiritsa ntchito Graviton, yochokera ku mapulani a ARM, m'maseva ake.

Lero makampani akufuna kuika maseva ang'onoang'ono pafupi ndi anthu, monga pansanja za mafoni, kuti uthenga usamayende mtunda wautali. M'malo otero mulibe zipinda zoziziritsidwa, ndipo nthawi zina mphamvu imachokera ku sola ndi mabatire okha. Funso limene linkavutitsa Acorn labweranso: kodi tingagwire ntchito yochuluka bwanji ndi magetsi ochepa?

Ife amene tinawerengapo mayeso ndi tochi ya foni magetsi atathima, funsoli si lachilendo. N'chifukwa chake sindivomereza mnzanga akanena kuti luso lotere ndi la mayiko olemera okha. Linayambika ndi anthu amene ankawerengera khobidi lililonse.