Mbiri ya Liu Lakuti "Foul"

Pamene mulikusewera mpira pabwalo la sukulu, wina akagwetsa mnzake mwadala, nonse mumapfuula kuti, "Faulo!" Liu limeneli tinalitenga ku Cingerezi, kumene limalembedwa "foul". Lero tifuna kulondola mapazi ake, kuti tione m'mene liu limodzi linafikira pokhala ndi matanthauzo awiri, la uve ndi la cinyengo.

Ca m'ma 450, mitundu ya anthu ochedwa Angles ndi Saxons inayamba kuoloka nyanja kucokera ku maiko amene lero ndi Germany ndi Denmark, nikhazikika pa cisumbu ca Britain. M'cinenero cao munali liu lakuti "ful", limene ankalichula mokoka "u" wakeyo. Linali kutanthauza cinthu coola, conunkha, monga nyama yogonera masiku ambiri kapena cironda cotuluka mafinya. Abale a liuli akalipobe. Ajeremani amati "faul" ponena cipatso coola, ndiponso munthu waulesi. M'Cidachi ndi m'Ciafrikaans, "vuil" ndi cinthu cauve. M'Cingerezi momwemo, liu lakuti "filth", ndilo nyansi, linaphuka pa muzu womwewo.

Nanga zirembo "ou" zinacokera kuti? M'caka ca 1066 mfumu William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo Cifalansa cinakhala cinenero ca akuluakulu. M'kupita kwa nthawi alembi anatengera cizolowezi ca Afalansa colemba "ou" pofuna kuonetsa "u" wokoka. Motero "ful" anasanduka "foul", "hus" anasanduka "house", ndipo "mus" anakhala "mouse". Pambuyo pake, pakati pa zaka za 1400 ndi 1700, kachulidwe ka Angerezi kanasintha pang'onopang'ono, koma kalembedwe kanatsalira m'mbuyo. Ndico cifukwa cake lero timalemba "ou" koma timamva "au".

Tsono tifike pa mtima wa nkhani yathu. Cinthu coola sicibisika; mphuno imacidziwa maso asanacione, ndipo munthu amatembenuka ndi kulavula. Angerezi akale anaona kuti mtima nawo umanyansidwa comweco ndi macitidwe oipa. Conco liu la pfungo loipa analigwiritsa nchito ponena mau otukwana, mphepo yamkuntho panyanja, ndiponso ciwembu. Munthu akafa mokayikitsa, apolisi olankhula Cingerezi kufikira lero amati akuganizira "foul play", ndiko kuti pali dzanja la munthu. Liu lotsutsana nalo ndi "fair", limene poyamba linkatanthauza cokongola, kenaka colungama. Maganizo otere si acilendo kwa ife. Nafenso timati "khalidwe lonyansa", ndipo makolo athu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, pamene sanali kunena za nsomba ai.

Ku mpira liuli linafika m'njira yomweyo. M'caka ca 1863 amuna a timagulu ta mpira anasonkhana mu London nakhazikitsa bungwe la Football Association, kuti onse azisewera ndi malamulo amodzi. Panabuka mkangano waukulu: kodi nkololedwa kupinga mnzako ndi mwendo kapena kumponda pa msongolo? Ambiri anakana, ndipo gulu la Blackheath, limene linkafuna kuti zimenezi zipitirire, linaturuka m'bungwemo. Penate anaikhazikitsa m'caka ca 1891, ndipo makhadi acikasu ndi ofiira anayamba kugwiritsidwa nchito pa mpikisano wa dziko lonse ku Mexico m'caka ca 1970. Pamene mpira unafalikira, liu nalo linatsagana nawo. Codabwitsa ncakuti Ajeremani, amene ali naye kale "faul" wao, anabwerekanso "Foul" wa Angerezi kuti azimchula pabwalo.

Ana inu, cenjerani ndi msampha umodzi polemba mayeso. Pali liu lina, "fowl", limene limamveka cimodzimodzi koma limanena nkhuku, abakha ndi nkhanga. Ilo linacokera ku "fugol", liu lakale lotanthauza mbalame iri yonse, ndipo siliri pa cibale ndi "foul". Mukasokoneza cirembo cimodzi, mudzalemba kuti woimbira mpira anaona nkhuku pafupi ndi golo.

Aphunzitsi, tikupemphani kuti mulembe mau awiriwa pa bolodi, ndipo mwana ali yense apange ciganizo cimodzi pa liu liri lonse. Mukatha, afunseni funso ili kuti akambirane: cifukwa ninji anthu a zinenero zosiyana amayerekeza cinyengo ndi cinthu coola? Muwalole apereke zitsanzo za ku mpira, za kumsika ndi za m'cipinda ca mayeso. Tsalani bwino.