Stanley Mogoba: Mphunzitsi, Mkaidi ndi Bishopu

Kum'mawa kwa mzinda wa Pretoria kudali sukulu ya mishoni ya Kilnerton, imene mpingo wa Methodist udakhazikitsa m'chaka cha 1886. Boma la tsankho lidaitseka m'chaka cha 1962 ponena kuti idali m'dera la azungu. Mmodzi mwa ana amene adasulidwa pa sukuluyi ndi a Mmutlanyane Stanley Mogoba, amene adabadwa m'chaka cha 1933 m'dera la Sekhukhune.

A Mogoba adayamba ndi uphunzitsi, ndipo adagwirako ntchitoyi ku Mamelodi, komboni ya anthu akuda ya ku Pretoria. M'chaka cha 1963 adamangidwa chifukwa chokhudzidwa ndi chipani cha Pan Africanist Congress (PAC), chomwe boma lidachiletsa m'chaka cha 1960, pambuyo pa kuphedwa kwa anthu 69 ku Sharpeville. Adawatumiza ku ndende ya pa chilumba cha Robben Island. Malinga ndi umboni wawo, m'chipinda chimene adawatsekera okha ndimo adamva maitanidwe a ubusa.

Atadzozedwa, adaphunzitsa pa sukulu ya zaubusa ya Federal Theological Seminary, kumene a Methodist, a Anglican, a Presbyterian ndi a Congregational ankasulira abusa awo pamodzi. Kumeneko umodzi wa mipingo udali moyo wa tsiku ndi tsiku, pakuti boma lolekanitsa anthu lidakakamiza Akhristu osiyana miyambo kumangana mtolo umodzi.

M'chaka cha 1988 a Mogoba adakhala mtsogoleri wa mpingo wonse wa Methodist kum'mwera kwa Africa. Posakhalitsa magazi adayamba kukhetsedwa kwambiri ku Natal ndi m'makomboni ozungulira Johannesburg, pamene otsatira ANC ndi Inkatha ankaphana. Pangano la mtendere la National Peace Accord litasainidwa pa 14 September 1991, bishopuyu adakhala wachiwiri kwa wapampando wa komiti yoliyang'anira. M'chaka cha 1996 adalandira mphotho ya mtendere ya World Methodist Peace Award.

Kumapeto kwa chaka chomwecho adasiya ubishopu nakhala pulezidenti wa PAC, udindo umene adaugwira kufikira 2003. Ndale sizidawakomere monga mpingo. Pa chisankho cha 1999 chipanicho chidangopeza mipando itatu ku Nyumba ya Malamulo, ndipo ambiri adadzidzimuka kumva munthu wamtendereyo akunena kuti zigawenga zoopsa zizidulidwa ziwalo. Iye amene adalawa nkhanza za ndende adaoneka ngati akulolera kuti boma lipundule thupi la munthu.

Wolemba mbiri sayenera kubisa mbali imeneyi. Imaonetsa kuti ufulu wachibadwidwe umatetezeka mosavuta pamene wozunza ndi boma la adani, koma umayesedwa zenizeni pamene wolakwa ndi mbala ya m'mudzi mwathu, anthu atatopa ndi mantha. Funso limeneli mipingo ya ku Malawi ndi Zambia imakumana nalonso pamene khamu latentha wakuba pamsika.